Diso Limodzi

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala pakhonde lino
mumsewu wa Cha Cha Cha, pafupi ndi wosoka nsapato,
kugulitsa mabuku akale kwa anthu othamangira minibasi.
A sukulu ndimayala kutsogolo, ondidyetsa ndi amenewo.
A zithunzi ali m'katoni ya sopo kumapazi kwanga,
ndipo ndimawadziwa ngati mano a m'kamwa mwangamu,
ogwedera ndi otsala omwe.

Kuweruza kwanga sikuchedwa.
Ndimayambira manja.
Wojambula wobisa manja m'matumba tsamba lililonse
ndi wamantha, zala zinamugonjetsa.
Kenako ndimaphimba mawu ndi chala chachikulu.
Nkhani ikaima pomwepo ngati basi yothera dizilo panjira
ndimadziwa kuti zithunzizo zinangokwera ulele.
Aja a zifuwa ngati mafiriji, omenyana kuyambira pachikuto,
ndimagulitsa, inde,
koma pamtengo wa zitumbuwa ziwiri.

Lachinayi lapitali, fumbi la Ogasiti lili m'maso,
kunabwera Tisiyenji wa ku Kanyama,
uja amawerenga ali chiimire, osagula.
Anasolola kope la masamu m'chikwama.
Akuti, Amalume Sakala, taonani ngati lili bwino.
Bolopeni yabuluu, mizere ya rula yothyoka,
masamba makumi awiri ndi anayi.

Ndinavala magalasi.
Patsamba lachitatu dzanja lili ndi zala zisanu ndi chimodzi,
koma sanalibise, analitambasula poyera.
Ndinaphimba mawu, nkhani inayendabe yokha:
madzi a Febuluwale alowa m'nyumba, mbale zikuyandama,
mayi asenza mbaula pamutu, makala akadali moto.
Kabokosi kotsatira n'kakuda bii,
inki yapaka mpaka kuboola pepala.
Ndinati, apa unatopa eti?
Akuti ayi, apo magetsi anapita.
Ndinayang'ananso mdima uja
ndipo ndinamva mwana akutsokomola m'katimo.

Patsamba lachisanu ndi chinayi ndinakumana ndi mwamuna
wadazi, jekete lopanda batani lapakati,
mimba yatsamira pakatoni ya sopo.
Chibaluni cha mawu ake chadzaza kabokosi konse,
ana apanikizika kungodya ngati nyerere:
GULA KAPENA SIYA!
Wosoka nsapato anasuzumira paphewa langa,
anaseka mpaka singano kugwa.

Ndikanatseka pomwepo.
Koma dzanja lozolowera silifunsa mwini, linatembenuza.
Mwamuna uja wadya, wagona, chipewa chili kumaso.
Ana atatu azungulira katoni, akuwerenga mwakuba,
wina akutsata ndi chala, milomo ikugwedera.
Kabokosi komaliza n'kakang'ono ngati sitampa,
mulibe liwu ndi limodzi lomwe:
mphepete mwa chipewa,
ndi diso limodzi, lotsegula.

Zaka zonsezi ndinkayesa n'chinsinsi changa.

Akuti, ndiye mwandipatsa zingati pa khumi?
Ndinapukuta magalasi nthawi yaitali kuposa fumbi lake.
Ndinati, werenga zala usanapake inki.
Ndinati, patsamba lachisanu walankhulitsa mayi zambiri,
nkhope yawo inali itanena kale.
Ndinati, ndipo mimba yanga siyotere.
Kondakitala anali kukuwa Kanyama, Kanyama, mmodzi atsale,
mtsikana anathamanga osamva nambala,
kope n'kundisiyira mpaka Lolemba.

Ndalikuta ndi pulasitiki ya shuga.
Dzulo bambo wina wa tayi anafunsa mtengo wake,
ndinati limenelo lili ndi mwini.

Lero ndadya, dzuwa lafika pa nsapato za mnzanga,
ana aja ndawaona, akuzengereza paseli pa mtengo wa magetsi.
Ndatsitsa chipewa monga mwa masiku onse
koma sindikudziwanso
kuti nditseke diso liti.